Kulira kwa ku Maenje a Chinangwa

Lolemba, 10 Juni

Alendo ku loji kulibe. Mwera wathamangitsa onse. Zipinda khumi ndi ziwiri, muli azungu awiri okha, nawonso angogona tsiku lonse ngati odwala. Pofika 2 koloko tinali titachapa, kusita, kupinda, n'kumangoyang'anana. Ndiye Mayamiko, khukhi wathu wa ku Dedza uja, akuti ali ndi filimu pa fulashi, yomasulira m'Chichewa. "Bwerani atsikana, yoseketsa iyi." Bodza. Mulungu amuone.

Taonera m'chipinda chochapira, pa laputopu, makatani otseka. Ine, mnzanga Nellie, ndi iyeyo.

Ya ku Mexico. Akuti ndi nthano ya makolo akwawoko. Mkazi wokongola, ana awiri. Mwamuna wapeza wina wamng'ono. Mkaziyo watenga ana ake, ulendo kumtsinje, wawamiza. Atazindikira zomwe wachita, nayenso wadziponya momwemo. Koma manda amukana. Ndiye amangoyenda m'mbali mwa madzi, diresi loyera lonyowa, kulira, kufuna ana ake. Akapeza a eni amatenga omwewo.

Womasulira uja poyamba nthabwala zokhazokha. "Amayi awa diresi anachapa, koma nkhope anaiwala." Nellie kuseka mpaka kutsamwa. Pakati pake nthabwala zinatha. Kulirako sanamasulire. Amasulira chiyani? Kulira kwa pansipansi, kokoka, kwa munthu amene walira kale masiku atatu mawu n'kumuthera.

Nellie anabisa nkhope m'thaulo la alendo. Ine ndaonera mpaka kumapeto chifukwa Mayamiko amandiyang'ana m'mbali kudikira kuti ndithawe. Ameneyo sindingamupatse mpata.

Ndatuluka kunja kuli ngwee, ana akumenya mpira pamchenga, koma msana wanga zii. Pobwerera kunyumba ndazungulira kumsewu. Njira yachidule ya kumaenje, komwe timaviika chinangwa m'mbali mwa kamtsinje, ayi.

Fomu 4 yonse, n'kumaopa filimu. Lusizi, uchite manyazi.

Lachiwiri, 11 Juni

Tulo ta nkhuku. Ndikatseka maso, diresi lija. Ama akuti ndimayankhula kutulo. Ndawauza kuti ndi malungo. Andimwetsa madzi a nimu. Chilango cha bodza.

Madzulo Mwayi, mwana wa achimwene anga, anabwera kudzandiluka tsitsi, kuluka kwake kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kongondizula. Kam'bale kake Tumbikani pambuyo pake, mamina mpaka pachibwano. "Ankhazi, mwandibweretsera chiyani?" Kuno azakhali timati ankhazi. Ndinali ndi kasopo ka ku loji. Wakanyambita.

Mayi wawo anangodutsa ndi ndowa pamutu. Sanayang'ane, nanenso sindinayang'ane. Nyumba zathu zimayang'anana zitseko, koma ine ndi mlamu wanga Edina tatha chaka ndi miyezi inayi osapatsana moni.

Ndilembe, kuti tsiku lina mtima ukadzafewa ndidzawerenge n'kukumbukira. Ndi iyeyu anakanena kwa akulu a mpingo kuti anandiona ndikuperekera mowa ku loji, nditavala thalauzi. Tsiku limodzi lokha, woperekera atadwala! Anandiitana kubwalo la mpingo ngati hule, n'kundiimitsa kwaya. Ine amene ndimayambitsa nyimbo kuyambira ndili Fomu 1. Iye ali phee kutsogolo ndi duku lake loyera la Umanyano, gulu la amayi a mpingo, manja pamiyendo ngati mngelo wa pa kalendala.

Komabe tinayankhulana Loweruka lapitali. Kapena ndinene kuti ndinayankhula ine. Achimwene a Bester anatumiza zithunzi pa foni yanga kuchokera ku Joni, zaka zinayi asakubwera. Suti, keke, mkazi wonenepa masaya. Ati ndiwaonetse ama okha. Ine ndinapita molunjika kumaenje komwe Edina amatsuka chinangwa, n'kumuika foni pamphuno. "Amayi oyera, amuna anu awa. Mukanenenso kwa akulu a mpingo."

Anayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta manja pachitenje. Anati "Yewo," kundithokoza, n'kuweramanso.

Zinandikoma tsiku limenelo. Sindinama.

Lachitatu, 12 Juni

Zilembo zanga lero zikuoneka ngati za Mwayi.

Sabata ino ndili pa shifiti ya m'mawa, 5 koloko ndikhale nditafika. Ndinachedwa kudzuka, ndiye ndinati zamkutu, ndidzere kumaenje. Kusanache bwino, kaufunga pamadzi, bango likusokosa ndi mphepo.

Ndiye ndinamva.

Si mwana. Si galu. Si mbalame, mbalame zakuno ndimazidziwa zonse. Munthu wamkazi. Pansipansi, kokoka, kenako n'kuduka ngati wina wamutseka pakamwa, n'kuyambanso. Komwe kuja. Komwe kuja ndithu!

Ndinaima. Kutsogolo kwanga chinthu choyera mbee chili njo. Ndinakuwa dzina la Yesu, ine woimitsidwa kwaya. Kulira kunaleka pomwepo. Chinthu choyera chija n'chinangwa cha anthu pathandala, chosenda, choiwalika panja. Chimenecho ndachimvetsa. Nanga kulirako?

Ndathamanga mpaka pageti, patapata mmodzi ndamusiya m'matope. Mlonda akuti, "Asisi, akuthamangitsani ndani?" Ndati njoka.

Nellie ndamuuza. Maso tong'o. Akuti filimu zotere zimatsegula zitseko, abusa awo amanena. Mayamiko kumva, kuseka mpaka misozi: "Mzukwa wa ku Mexico wafika pa Kande? Wakwera basi yanji? Pasipoti wadinditsa kuti?" Ndamuuza kuti nyemba zake za dzulo ndi zimene zingadzutse akufa.

Lachinayi, 13 Juni

A Jairos, ang'ono awo a malemu ada, bambo anga, anandiitana pakhonde pawo. Ama analipo, maso pansi.

Nkhani ndi iyi. Achimwene akufuna ana awo ku Joni. Mkazi watsopanoyo akuti sabereka, walola kuwalera. Pali munthu wa galimoto amene amanyamula katundu ndi anthu pakati pa kuno ndi kumeneko, adutsa Lachinayi likudzali. Ana akwere. Edina asadziwe mpaka atapita, "angachite phokoso." Tidzamuuza kuti ndikupita nawo ku Chintheche kukawagulira nsapato.

"Tinamulowola, ana ndi a pakhomo pano," atero a Jairos. "Iye akafuna kukhala, akhale. Akafuna kubwerera kwawo ku Usisya, njira ndi imeneyo."

Ntchito yanga: kuwaperekeza ana mpaka pamsewu, chifukwa ine amanditsata osafunsa. Komanso kupeza mabuku awo a kusikelo ndi zikalata za kubadwa. "Ndiwe ankhazi awo, ndi udindo wako. Komanso pakati pa iwe ndi iye palibe chikondi choti chikuvute."

Ndinayang'ana ama. Amangopotokola ngodya ya chitenje.

Ndavomera. Ana akaphunzira sukulu zabwino, adzayankhula Chingerezi cha m'mphuno. Kuno adzakhala chiyani, asodzi a usipa?

Masana Edina ali kumunda ndinalowa m'nyumba mwake. Kiyi amaika pansi pa mtondo, dziko lonse likudziwa. Sutikesi kunsi kwa bedi. Pamwamba yunifolomu yake ya Umanyano, bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda, fungo la mankhwala a njenjete. Pansi pake mabuku, m'jumbo ya shuga. Ndatenga. Zovala ndapinda bwinobwino, ndabwezera. Sangadziwe.

Mabuku ali m'chikwama changa cha kuntchito. A Jairos ndawauza kuti sindinawapeze. Sindikudziwa chifukwa chake ndatero.

Loweruka, 15 Juni

Kulira kuja kawirinso. Dzulo ndi lero. Ndimazungulira kumsewu, koma mphepo ikachokera kunyanja imakubweretsa mpaka pa mlatho. Nthawi yake yomweyo, tambala wachiwiri atalira.

Ndafunsa a Lucy, oyandikana nafe, ngati amamva kanthu m'mawa. Ati iwo amagona ngati mtembo. Mawu oti andiuze amenewo?

Ndayesa kuganiza ngati munthu wa sukulu. Kamtsinje kathu n'kofika m'mawondo. Koma kumatsiriro, pamene kamalowa m'nyanja, pali dziwe lija lakuya lomwe ama amatiletsa tili ana. Munafera mwana wa asodzi ndili Sitandade 3. Mayi ake anasamuka. Kapena anamwalira? Palibe amene akukumbuka bwino.

Ndaletsa Mwayi kupita kumadzi. Wandifunsa chifukwa. Ndati ng'ona. Akuti, "Ng'ona imaopa ama."

Ku loji ndaswa kapu. Bafa la chipinda cha nambala 4 linali lodzaza madzi, mlendo anaiwala kutsegula, ndipo ine ndinaima pakhomo osatha kulowetsamo dzanja. Mpaka Nellie anabwera. Sanandiseke. Bola akanandiseka.

Lamulungu, 16 Juni

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo monga mwa masiku onse. Kwaya yayamba nyimbo pamwamba kwambiri, pofika pakati onse akulira ngati mbuzi. Zawo.

Edina anakhala ndi ana, wina uku wina uku, atawagwira manja mapemphero onse. Waonda. Khosi latalika.

Ine ndapempherera chinthu chimodzi: chili kumaenjecho chibwerere kwawo.

Lolemba, 17 Juni

Ambuye.

Zayamba ndi fungo. Masana ndinapita ndi a Lucy kukavuula chinangwa cha ama, awiri, dzuwa lili pamutu, apo ayi sindikanapita. Dzenje la Edina lili pafupi ndi lathu. Kununkha kwake! Thovu pamwamba, ntchentche zobiriwira. A Lucy akuti chinangwa chimenecho anaviika Lolemba lapitalo. Sabata yathunthu. Chinangwa ndi masiku atatu, kukazizira anayi, ukavuule, usinje, uyanike. Mwana aliyense wa kuno amadziwa. Edina, amene amatinyoza kuti kondowole wathu ndi wakuda, kusiya chake chiwole?

Ndipo sanakumbe china. Thandala lake lili mbee, lopanda kanthu. A Lucy anangoti, "Mkazi akaleka kuviika ndiye kuti sabata yamawa sakuiwerengera." Anatero akuseka. Ine sindinaseke.

Madzulo Mwayi akundizula tsitsi, ndinamufunsa ngati amagona bwino. Akuti eya, koma m'mawa amazizidwa chifukwa ama amatuluka. Amapita kuti? "Kumaenje. Amakalira kumeneko kuti ife tisamve. Koma ine ndimamva. Musawauze, ankhazi."

Chipeso chinagwa.

Ndiye palibe mzukwa. Ndimayenera kupuma, kuseka, kukamuuza Nellie. Koma ndakhala pano kuwerenga pa zala. Mwamuna wapeza wina. Ana awiri. Mkazi akulira m'mbali mwa madzi. Filimu ija sinayambe ndi mzukwa. Inayamba ndi munthu wamoyo, wabwinobwino, wopemphera. Ndipo panali wina amene anamuuza za mwamuna wakeyo.

Ndimaopa mapeto a filimu, kusadziwa kuti ndikukhala koyambirira kwake.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndanamizira mutu, sindinapite kuntchito. Tsiku lonse pawindo, katani kotsegula pang'ono.

Zimene ndaona:

Wachapa zovala zonse za ana, ndi zong'ambika zomwe. Wabweza mphika wa ama umene anabwereka chaka chatha, wotsuka mpaka kuwala. Nkhuku zake zitatu wapatsa a Lucy, akuti "muzindisungira." Wamumeta Tumbikani. Wasesa bwalo lonse mpaka kuseri kwa bafa, kumene sasesako.

Kenako anakoleza makala, n'kutulutsa simbi. Wasita yunifolomu. Pakhonde, poyera, pang'onopang'ono, kolala mpaka kawiri.

Mawa si tsiku la Umanyano. Kulibe maliro, ndafunsa mochenjera kwa ama, kwa a Lucy, ngakhale kwa wogulitsa matemba. Kulibe mgonero, kulibe msonkhano. Yunifolomu ija savala wamba. Ndipo ine ndikudziwa tsiku lina limene mayi wa Umanyano amaivala. Tinawaveka agogo a Nellie chaka chatha, duku ndi zonse, tisanatseke bokosi.

Ndinapita kwa ama. Ndinene chiyani? Kuti ndaonera filimu? Adzati ziwanda za ku loji. Ndikauza a Jairos, atenga ana lero lomwe, ndipo Edina adzatsala yekha ndi dziwe lija. Ndikapita kwa mwini wake, ndiyamba ndi mawu ati? Moni sindinamupatse chaka chonse, lero ndikamufunse ngati akufuna kupha ana?

Ndinafika mpaka pa mtondo wake. Anatukula maso, simbi m'manja. Ndinatola kamwala ngati ndi kamene ndimafuna, n'kubwerera. Chitsiru.

Mwayi wabwera kudzanditsanzika kuti akukagona. Wandipsompsona patsaya, chinthu chimene sachita. Akuti ama amuuza kuti atero.

Sindivula. Nsapato kumapazi, chikwama pamutu pa bedi. Chitseko chake chimalira chikamatseguka. Ndimva.

Lachitatu, 19 Juni

Ndilembe zonse mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi.

Chitseko chinalira tambala woyamba atangolira. Ndinasuzumira. Choyera mbee mumdima, duku, bulauzi. Tumbikani kumsana, Mwayi padzanja, atavala diresi lake la Khirisimasi. Katundu ayi. Ngakhale kajumbo. Sanalowere kumsewu. Analowera kumaenje.

Za m'filimu zonse zinandibwerera, mpaka kamvekedwe ka madzi. Ndinawatsata chapatali. Atafika pa dzenje lake anaima, n'kumuuza Mwayi kuti agwire bango asasunthe. Iye anawerama kumadzi, mwana ali kumsana.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji. Ndinangopezeka ndamukumbatira Mwayi, dzanja lina ndakoka chitenje cha Tumbikani, ndikukuwa. "Usawamize! Edina, usawamize, ndiphe ine!"

Mbama. Yoyamba m'moyo wanga kuchokera kwa munthu wovala zoyera. Kenako chikhatho pakamwa panga, chonunkha chinangwa chowola.

"Wapenga? Ukufuna udzutse mudzi wonse?"

M'dzanja lake lina munali chikwama. Chachikulu, chokutira m'pulasitiki, chimene anachikoka pansi pa udzu m'mbali mwa dzenje. Wakhala akubweretsa zovala pang'onopang'ono masiku onsewa. Chinangwa anachisiya dala kuti chinunkhe, anthu asamayandikire.

Ndinakhala pansi m'matope. Ndinati ndimaganiza kuti, ndimaganiza kuti. Anamvetsa yekha. Anandiyang'ana ngati ndine chimene chili m'dzenjemo. "Ine? Ana anga? Ndinawabereka ndekha kuchipatala, mchimwene wako ali ku Joni, lero ndiwataye m'madzi chifukwa cha mwamuna? Mumaonera zinthu zanji ku loji kwanuko?"

Akupita kwawo ku Usisya. Njira ya kumaenje imatulukira pa mlatho osadutsa pakhomo pa a Jairos. Minibasi mpaka ku Nkhata Bay, kenako boti. Yunifolomu? "Mayi wovala izi m'mawa palibe amamufunsa kumene akupita. Amangomupatsa njira."

Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji za galimoto ya mawa. Akuti sanadziwe tsiku, anangodziwa kuti mabuku akasowa ndiye kuti ana ali paulendo. Ndipo wakuba anamudziwa. "Bulauzi yanga unaipinda katatu, manja m'kati, ngati mataulo a azungu. Mudzi uno amapinda choncho ndani?"

Manyazi ake. Bola mbama ija.

Ndiye tinamva kutsokomola. A Jairos, akuchokera kunyanja kokaona maukonde, tochi m'manja. Kukuwa kwanga kuja. Ine ndemwe. Ndinakankhira chikwama m'bango ndi phazi.

Tochi pa ine, pa ana, kenako pa zoyera zija. Anavula chipewa. "Anyina Mwayi, kwagwanji? Zovuta zili kuti?"

Edina duu. Mkazi ameneyu anakonza zonse, chikwama, fungo, njira, koma kunama atavala yunifolomu sangathe. Amadalira kuti palibe adzafunse. Akanangotsegula pakamwa akananena zoona, ndikumudziwa.

Ndiye ndinayankha ine. Woimitsidwa kwaya ataya chiyani? Ndinati ndi maliro ku Bandawe, mayi wa Umanyano mnzawo, uthenga wabwera pa foni yanga usiku. Ndikuwaperekeza pamsewu. Kukuwa kuja ndaponda chinthu choterera, ndimayesa njoka. Bodza linatuluka losalala ngati ndaliyeserera sabata yonse.

"Nanga ana kumaliro?"

Ndinati ama akudwala mutu, ine ndili kuntchito, awasiyira ndani?

Anandikokera pambali. Fungo la usipa ndi fodya. "Madzulo akhale atabwera. Mawa ndi mawa." Ndinati musadandaule, ada. Anatembenukira kwa Edina: "Pepani, mukafike bwino." Anavala chipewa, n'kumapita.

Mpaka pa mlatho chikwama ndinasenza ine. Mwayi anafunsa ngati m'boti muli chimbudzi. Minibasi yoyamba inaima yokha tisanaikweze dzanja. Kondakitala, amene masiku onse amatukwana, "Khalani kutsogolo, amayi." Zoona, yunifolomu imagwira ntchito.

Ndinatsegula chikwama changa, n'kumupatsa jumbo ya shuga ija. Anawerenga mabuku, awiri, zikalata, ziwiri, pamaso panga, ngati ndingabenso. Ndimadikira kuti anene za kwaya. Mawu amodzi okha. Iye anati, "Mawu ukadali nawo. Wakuwa mpaka nsomba zamva."

Basi. Kupepesa kwake n'komweko, ngati kunali kupepesa.

Tumbikani anali m'tulo. Sanandione.

Sindinamukhululukire. Ndangomuperekeza.

Lachinayi, 20 Juni

Galimoto inafika 10 koloko. Inadikira ola limodzi, n'kupita.

A Jairos anatumiza munthu ku Bandawe. Kulibe maliro. Kiyi pansi pa mtondo panalibe, anathyola loko wa Edina: bedi loyala, pansi posesa, sutikesi yopanda kanthu. Zimene anandinena pabwalo sindilemba. Mfiti inalipo, hule linalipo. Ndinawayankha kuti mwana si thumba la ufa loti n'kutumiza pa galimoto, ndipo ngati a Bester akufuna ana abwere okha akawapemphe ku Usisya, aone ngati alongo ake a Edina ndi ofatsa ngati iye. Anatukula dzanja. A Lucy anaima pakati.

Achimwene aimba kasanu ndi kawiri. Uthenga womaliza: ndilibenso mchemwali. Chabwino. Zaka zinayi ndinali ndi mchimwene wa pa foni.

Ama sanandiyankhule. Sanadye.

Koma zonsezi si kanthu. Mwera. Kuyambira dzulo masana nyanja yachita misala, mafunde mpaka pa mipando ya alendo. Asodzi onse akokera mabwato kumtunda. Boti la ku Usisya ndi lamatabwa, limadzaza mpaka m'milomo, matumba, mbuzi, anthu pamwamba. Linanyamuka? Linadikira? Foni ya Edina siikupezeka. Kwawoko netiweki mpaka ukwere phiri.

Ndimaopa kuti awamiza. Nanga ngati ndawakweza ndine minibasi yopita kokamira?

Mayamiko anabwera ndi tiyi kuchipinda chochapira, osaseka. Akuti filimu ija waifufuta. Mochedwa, bambo.

Lachisanu, 21 Juni

Kulira kuja kunabweranso.

Ndinali maso kale. Tambala wachiwiri, mphepo yochokera kunyanja, ndiye pansipansi, kokoka. Edina kulibe. Ndinati basi, amira, wabwera kudzandifunsa. Ndinafunda bulangete kumutu n'kuyamba Atate Wathu, mawu osokonekera.

Foni inanjenjemera pansi pa pilo, ndinatsala pang'ono kufa. Nambala yachilendo. "Tafika dzulo madzulo. Boti linagona panjira chifukwa cha mphepo. Tumbikani wasanza ulendo wonse. Mwayi akuti chipeso chake musataye. Uwauze ama." Dzina ayi. Moni ayi. Ndi iyeyo ndithu.

Ndinawerenga kanayi. Kulira kukupitirirabe kunja.

Ndinapita kuchipinda kwa ama kuti ndiwauze. Mphasa yokha.

Ulendo uno sindinathamange, ndipo sindinazungulire. Ndinawapeza atagwada pa dzenje la Edina, manja m'madzi owola aja mpaka m'zigongono, akuvuula chinangwa chimene chasanduka phala, kuponya kumtunda. Kulira kwa munthu amene wadikira kuti pakhomo pagone.

Sanatembenuke. "Dzenje la munthu silikhala chonchi. Akadzabwera adzaviika pati?"

Ndinagwada pambali pawo. Malo omwewo amene ndinamuika Edina foni pamphuno. Ndinawawerengera uthenga, pang'onopang'ono, kawiri. Pa kusanza kwa Tumbikani anaseka, mamina ndi misozi pamodzi. Kenako anati, "Ukanandidzutsa. Sindikanakuwa. Ndikanangomugwira kumutu mwanayo."

Ndinayang'ana m'dzenjemo.

Ndinapinda manja a bulauzi ya kuntchito n'kulowetsa m'madzimo. Ozizira, oterera, pansi posaoneka. Tavuula mpaka dzuwa kutuluka. Kuntchito ndachedwa maola awiri.

Ndasamba katatu ndi sopo wa alendo. Manja akununkhabe.